Matenda a Tirigu ndi Mayi Wofuna Mwana

Madzulo ano ndilankhula ndi amayi ofuna mwana, koma abambo nanunso tcherani khutu.

Kwathu timadya nsima ya chimanga, koma munthu akafika ku Joni apeza buledi m'mawa, magwinya masana, masikono madzulo. Zonsezi ndi za tirigu, ndipo mu tirigu ndi mu barele muli chinthu chotchedwa gluten. Anthu ambiri sichiwavuta. Koma pafupifupi mmodzi mwa anthu 100 thupi lake limalimbana nacho, ndipo pa nkhondo imeneyo matumbo aang'ono amawonongeka, naleka kuyamwa bwino chakudya. Awa ndiwo matenda a celiac. Munthu amatsegula m'mimba, mimba imatupa, magazi amachepa. Mayi wosathandizidwa angathe kupita padera, kapena kubala mwana wochepa thupi. Dokotala Willem Dicke wa ku Holland ndiye adaonetsa kuti gwero lake ndi tirigu: ana odwala adayamba kuchira pa njala ya 1944 ndi 1945, pamene buledi adasowa.

Tsono tiyerekeze mayi wina amene wamva zimenezi, nasiya tirigu mwa yekha. Papita miyezi, m'mimba mwakhala bata, ndipo apita ku chipatala kukapimitsa. Apa ndipo pali msampha. Dokotala amafuna m'magazi asilikali amene thupi limatulutsa polimbana ndi gluten, kenaka amadula kanyama ka m'matumbo kuti aone mabala. Tirigu akasiyidwa, asilikali aja amachepa ndipo mabala amapola. Mlenje wafika mvula itafafaniza mapazi a nyama. Mayi angauzidwe kuti alibe matenda pamene ali nawo.

Njira zilipo ziwiri. Yoyamba ndiyo kubwerera ku tirigu tsiku ndi tsiku, kwa milungu ngati 6, moyang'aniridwa ndi dokotala, ndipo pamenepo kupimitsa. Madokotala salangiza zimenezi kwa mayi amene waima kale. Chifukwa chake nkhaniyi ikambidwe pathupi pasanabwere. Yachiwiri ndiyo kupima chibadwa, kufuna zizindikiro zotchedwa HLA-DQ2 ndi HLA-DQ8, ndipo zimenezi sizisintha ndi chakudya. Zikasowa, matendawa ndi okayikitsa kwambiri. Zikapezeka si umboni ayi, pakuti anthu ambiri athanzi alinso nazo.

Musachite manyazi kuuza namwino wa ku kiliniki tsiku limene mudasiya tirigu, ndi kuti mukufuna mwana. Iye angakutumizeni ku chipatala chachikulu, monga Charlotte Maxeke kapena Chris Hani Baragwanath ku Soweto. Funsaninso za mapiritsi a folic acid, amene amateteza msana ndi ubongo wa mwana akayamba kumwedwa mayi asanaime. Kuyambira 2003 lamulo la South Africa lifuna kuti folic acid aikidwe mu ufa wa chimanga ndi wa buledi, koma wosiya buledi wataya gawo lina.

Matenda akatsimikizidwa, mankhwala ake ndiwo kusiya gluten moyo wonse. Nsima, mpunga, chinangwa, mbatata ndi mapira zilibe vuto. Kuona maso a nkhono n'kudekha: yambani mwapimitsa, kusiya tirigu kubwere pambuyo.