Anai Onyamula Mphasa

(Mau oulutsidwa pa wailesi. Kuŵerenga: Marko 2:1-12)



Mthenga Wabwino wa lero ukutisimbira za munthu wofa ziwalo amene anthu anai adamnyamula, nasasula denga, namtsitsira pamaso pa Yesu. Ife a ku Thambani, okhala m'malire a Mozambique, tidaliona dziko lathunthu litagona pamphasa chomwecho. Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo itakula, anthu oposa 1,000,000 adathaŵira kuno ku Malaŵi, ndipo tidagaŵana nawo ufa, zitsime, ngakhale manda.

Nanga adanyamula wodwalayo ndani? Mu July 1990 Akhristu a gulu la Sant'Egidio ku Roma, pamodzi ndi Ambuye Jaime Gonçalves, Arkiepiskopi wa ku Beira, adakhazika adaniwo pa bwalo limodzi. Adapirira nawo zaka ziŵiri ndi miyezi, mpaka pa 4 October 1992, tsiku la Fransisko Woyera, pamene a Joaquim Chissano ndi a Afonso Dhlakama adasaina pangano la mtendere. Kenaka bungwe la United Nations lidatumiza gulu lake la ONUMOZ kudzasonkhanitsa mfuti. Asilikali a ku Botswana adalondera mseu wa Tete, a UNHCR adaperekeza othaŵa nkhondo kwao, ndipo mu October 1994 anthu adaponya voti. Zoonadi mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa.

Komatu, abale athu, anai aja sadachiritse munthu. Yesu adayamba wamkhululukira machimo, ndipo mwini wake ndiye adaimirira nasenza mphasa yake. Ku Angola a United Nations adayang'aniranso chisankho mu 1992, koma nkhondo idabukanso, popeza mitima inali isanatule zida. Ngakhale anansi athu omwe tidaŵaonanso akufika pa Kapise mu 2016, ana ali kumbuyo, kufikira atsogoleri adasainanso pangano lina mu 2019. Mlendo ndi mame: nkhoswe imayanjanitsa banja, koma sigona m'nyumbamo.

Choncho tiŵathokoze a maiko akutali, tiŵapempherere. Koma ntchito yokhululuka ndi yathu. Kodi alipo amene tidaleka kumpatsa moni chifukwa cha malire a munda? Tisadikire a ku Roma. Tidzuke, tikamuone dzuŵa lisanaloŵe.

Ambuye, Mfumu ya mtendere, tidzutseni pamphasa yathu. Amen.