Mwambo Umodzi Polemba Malangizo a Maloboti

Loboti ndi makina amene amagwira nchito potsata malangizo olembedwa m'kompyuta. Pali mtolo waukulu wa malangizo otere wochedwa ROS, umene unayambika ku California mu 2007, ndipo anthu a m'maiko ambiri, osaonana nkhope, amaulemba pamodzi. Cifukwa cace anapangana mwambo umodzi: utali uyesedwe ndi mamita, kulemera ndi makilogalamu, nthawi ndi masekondi, cilembo x ciloze kutsogolo, y kumanzere, z kumwamba. Olemba m'cinenero ca Python amatsata malamulo a PEP 8, a caka ca 2001, onena kuti mzere wolowa m'kati uyambe patapita mipata inai.

Izi si zacabe iai. Mu 1999 combo ca Mars Climate Orbiter cinatayika pofika ku Mars, pakuti gulu lina linawerenga mphamvu m'muyeso wa mapaundi, pamene linzace linayembekeza manyutoni.

Cotero mphunzitsi woumiriza ana kulemba muyeso pambali pa yankho la masamu sali kuwavutitsa, koma ali kuwazoloweza kulemba zimene mnzao angawerenge nazikhulupirira.