Mowa ndi Nkhawa: Zimene Zimachitika mu Ubongo

Kawirikawiri timamva munthu akunena kuti, "Ndikamweko pang'ono kuti ndiiwale mavuto." Tiyeni tione ngati ubongo wake umavomereza mawu amenewa.

Mu ubongo muli timaselo tosawerengeka tomwe timatumizirana mauthenga pogwiritsa ntchito timadzi tapadera. Timadzi totchedwa glutamate timadzutsa maselo, pamene totchedwa GABA timawatonthoza. Mowa ukafika, umawonjezera mphamvu ya GABA ndi kufooketsa glutamate. N'chifukwa chake mtima umakhala pansi, lilime limalemera, ndipo munthu amayamba kudzandira.

Nkhawa nayo ili ndi amithenga ake. Munthu akapanikizika, kachigawo ka ubongo kotchedwa hypothalamus kamatulutsa homoni ya CRF, imene Wylie Vale ndi anzake a ku Salk Institute, ku America, anatulukira kapangidwe kake mu 1981. Uthenga wake umadzera pa kachiwalo ka pituitary kukafika ku tiziwalo tiwiri ta pamwamba pa impso, tomwe timathira cortisol m'magazi kuti thupi likhale tcheru. Chimene ambirife sitidziwa n'chakuti mowa nawonso umatakasa njira yomweyi. Pamene munthu akuganiza kuti wazimitsa moto, ndiye kuti akusonkhezera nkhuni.

Akamamwa tsiku ndi tsiku, ubongo umadziteteza: suimveranso GABA monga kale, ndipo umachulukitsa malo olandirira glutamate. Tsono mowa ukatha m'magazi, chotonthoza chija chapita, koma zodzutsa zatsala zochuluka. Mu amygdala, chigawo chimene chimasamala za mantha, CRF imakwera. Taganizani za bambo amene wadzidzimuka tambala asanalire, thukuta lili kamukamu, manja akunjenjemera, mtima ukugunda ngati wapalamula mlandu. Ife timangoti ndi matsire, mwinanso kumuseka. Iye akathamangiranso botolo m'mawa womwewo, sakufunanso chisangalalo ayi. Akuthawa mantha amene mowa womwewo wabala.

Apa ndichenjeze achibale, pakuti ambiri amalakwitsa chifukwa cha chikondi. Munthu amene wamwa kwambiri kwa zaka zambiri musamutsekere m'nyumba kuti asiye lero lomwe. Pa masiku awiri kapena atatu oyamba angathe kugwa ngati wakhunyu, kusokonezeka mutu, kuona zinthu zomwe palibe, ngakhale kumwalira kumene. Pitani naye kuchipatala, kumene ali ndi mankhwala monga diazepam, ogwira pa njira ya GABA yomwe ija, amene madokotala amawachepetsa pang'onopang'ono kufikira ubongo utazolowera kukhala wopanda mowa.