Mawu a Mlendo Wolemekezeka Potseka Maphunziro a Alangizi a Ziweto pa za Ubereki wa Mahatchi ndi Abulu



Chiweto chachikazi chikapanda kutenga bere, timafulumira kunena kuti n'chouma, mwina n'kuchigulitsa. Yamphongo ija palibe amaikayikira chifukwa ndi yonenepa, imakwera bwino. Alangizi, kayambeni ndi yamphongoyo. Yaikazi ikadwala, mlimi wataya mwana mmodzi. Yamphongo ikadwala, imagawira makola onse amene amaibwereka.

Mu 1977, ku Newmarket m'dziko la England, kunapezeka matenda otchedwa CEM, oyamba ndi bakiteriya wotchedwa Taylorella equigenitalis. Hatchi yaikazi imatuluka mafinya n'kulephera kutenga bere, pomwe yamphongo imene yaipatsira sionetsa chizindikiro chilichonse. Kachilomboko kamangokhala pachikopa cha chida chake, makamaka m'kadzenje ka kunsonga, kwa miyezi ngakhale zaka. Ku South Africa matendawa anatsimikizidwa mu 2011, ndipo si kutali kwa munthu woitanitsa hatchi. Mankhwala alipo: kutsuka ndi chlorhexidine n'kupaka mafuta opha mabakiteriya masiku asanu otsatizana, kenako kuyezanso ku labotale isanaloledwe kukwera.

Koma pakutsukapo ndikuchenjezeni. Ena mukamva zimenezi mudzayamba kusambitsa hatchi yabwinobwino ndi sopo wamankhwala tsiku lililonse, kuyesa ukhondo. Mukatero mumapha mabakiteriya abwino oteteza khungu, ndipo malowo amalowa ena ovuta monga Pseudomonas ndi Klebsiella. Yopanda matenda imangofuna madzi ofunda aukhondo basi.

Matenda amene andidetsa nkhawa kwambiri ndi dourine, chifukwa amakhudzanso abulu amene amatikokera ngolo ku Dedza, Lilongwe ndi Kasungu. Kachilombo kake, Trypanosoma equiperdum, n'kachibale ndi ka kaodzera, koma sikadalira kashembe ayi, kamayenda pokwerana. M'maiko ena a kummwera kwa Africa kuno alipo ndithu. Hatchi imatupa kumaliseche, pakhungu pamatuluka zotupa zozungulira zomwe zimabwera n'kuzimiririka, imaonda, kenako miyendo yakumbuyo imafooka. Bulu amatha kukhala nako osaoneka wodwala kwenikweni, n'kumapatsira anzake. Katemera kulibe, ndipo jekeseni amangobisa zizindikiro. Apa musadzipangire nzeru zanu: chiweto chimene mukuchikayikira chipatuleni, musachikweretse, dziwitsani ofesi ya zaumoyo wa ziweto kuti magazi akayezedwe. Ndikudziwa kuti kuuza mlimi mawu otere n'kovuta, pajatu bulu ameneyo ndiye amatuta chimanga, njerwa ndi madzi a pakhomo. Muuzeni mwaulemu, koma muuzeni.

Si kulephera kubereka konse kumene kuli matenda opatsirana. Mbewu ya umuna wa hatchi imatenga pafupifupi masiku 57 kuti ipangike. Yamphongo ikatentha thupi lero, kapena kumenyedwa theche pamachende ndi yaikazi yosafuna, umuna umatha kufooka miyezi iwiri ngakhale yokha ikuoneka kuti yachira. Musathamangire kuifula, ipumitseni, idye bwino, muyezenso umunawo pa maikulosikopu. Zina zimangotopa ndi kukweretsedwa mosapumira, zina ndi ukalamba. Ndipo funsani mwini wake ngati yaikaziyo inalidi pa nthawi yake.

Mafumu athu, mutithandize pa kubwerekana ndi kugula ziweto zodutsa malire popanda chiphaso. Bere la hatchi ndi miyezi pafupifupi 11, la bulu pafupifupi chaka, choncho kukweretsa kukalephereka mlimi wataya nyengo yonse. Alangizi, sungani kabuku: yamphongo iti yakwera iti, tsiku lanji, zotsatira zake zotani. Dokotala akabwera adzayambira m'kabukumo.

Wapampando, ndi mawu amenewa ndikulengeza kuti maphunziro ano atsekedwa.