Nyimbo za Kwaya Yathu Yoyamba Zisatayike



Mu 1975, chaka chimene mpingo uno unayamba, anyamata a Amanaz kuno ku Kitwe anatulutsa chimbale chawo chotchedwa Africa. Enafe Loweruka usiku tinkathamangira kukaonera WITCH, Lamulungu m'mawa tili m'kwaya maso ali psuu ndi tulo. Zimbale zijazi anazitulutsanso ku America, ndipo Jagari Chanda wakaimba mpaka ku Ulaya.

Nanga nyimbo zathu? Kwaya yoyamba inali ya abambo a ku mgodi ndi akazi awo. Gitala kunalibe, ng'oma ndi chisekese basi, koma anthu odutsa mumsewu ankaima n'kumamvetsera. Oimbawo tatsala ochepa. Kaseti imene ndinajambula ine inaonongeka ndi chinyezi.

Tsono pempho langa ndi ili. Amene muli ndi kaseti m'sutikesi, bweretsani kwa alembi a mpingo, ana aiike pa kompyuta. Inu achinyamata, pitani kwa agogo akadali moyo, akuimbireni, mujambule pa foni, muphunzire mawu onse anayi. Salimo 78 limatilangiza kuti zotere tisabisire ana athu.

Ambuye akudalitseni nonse.