Makina otchetchera udzu m'minda ya manachesi: kuwakonza ndi kuwasamala

Mawu a mlangizi wa zaulimi pa chikondwerero cha zaka 10 za kopaletivi

Ena alankhula kale za misika ndi mitengo ya nandolo. Ine ndilankhula za chitsulo chimene thirakitala yanu imakoka kumbuyo, makina otchetchera udzu aja, chifukwa mwa katundu yense wa kopaletivi ndi amene sachedwa kuwonongeka. Ndipo akawonongeka m'mwezi wa February, udzu suyembekeza. Umakula, umauma, kenaka pofika August osaka mbewa akayatsa moto, mtengo wa manachesi umene mwausamala zaka zisanu umapsa tsiku limodzi.

Choyamba tiwadziwe makinawa. Ali ndi mipeni itatu yoyendera lamba, ndi timatayala tinayi. Anapangidwira udzu waufupi. Si a tsekera wofika m'khosi, si a nsenjere, si odulira zitsamba. Tsono muziyamba kutchetcha mvula ikangokhazikika, udzu usanapitirire m'mawondo, n'kubwereza pafupipafupi. Ngati wakula kale, kwezani makina mudutse koyamba, muwatsitse mudutsenso kachiwiri. Dizilo wa ulendo wachiwiriwo ndi wotchipa kuposa lamba watsopano.

Dandaulo limene ndimamva kwambiri ndi lakuti makina akumeta mbali imodzi, mbali ina akusiya. Musathamangire kwa makaniko. Imitsani thirakitala pa simenti, monga pakhonde la nyumba yosungira katundu, muzimitse injini ndi kuchotsa kiyi. Yezani ndi tepi kuchokera pansi kufika pa nsonga ya mpeni, kumanja ndi kumanzere. Kawirikawiri vuto limakhala pa timatayala. Pa mwendo wa katayala kalikonse pali timphete tachitsulo tokwezera kapena kutsitsira makina, ndipo timphete ta pansi tiyenera kukhala tofanana chiwerengero pa miyendo yonse inayi. Kamodzi kakangogwera m'munda, basi, makina apendekeka. Kuno ku Mwanza, ndi miyala yathuyi, ine ndimakonda kuti mipeni ikhale masentimita 8 mpaka 10 kuchokera pansi. Onaninso mpweya wa matayala akumbuyo a thirakitala, ukhale wofanana.

Pali chitsulo chapamwamba chija chimene madalaivala amati top link. Polima ndi pulawo timachimanga zolimba, koma pa makinawa chimafunika chikhale ndi mpata wosewera, kuti makina azitsatira nthaka okha. Chikalimba, thirakitala ikatsika pa kachitunda makina amalendewera m'mwamba, ikalowa m'kachigwa timatayala takumbuyo timakanikizika mpaka miyendo kupindika. Minda yathu ya ku Thambani ndi kwa Kanduku si bwalo la mpira, ndiye nkhaniyi musaiderere.

Nanga akamasiya timizere ta udzu wosadulidwa? Zifukwa ndi zinayi: lamba wakhwepa, mipeni yabuntha, thirakitala ikuthamanga, kapena injini ikulira motsika. Chomalizachi ndicho ndikufuna a komiti mumve bwino. Shafiti ya PTO iyenera kuzungulira ka 540 pa mphindi, ndipo pa wotchi ya injini pali chizindikiro chake. Dalaivala akauzidwa kuti asamale dizilo amatsitsa moto, mipeni n'kumangokwapula udzu osaudula. Njira yake ndi kusiya moto pa chizindikirocho ndi kulowetsa giya yotsika. Komanso, musaseke, mpeni umatha kumangidwa chadodolido ukachoka konola, kuthwa kuli kumbuyo. Mapiko a mpeni ayang'ane m'mwamba.

Makina akayamba kunjenjemera, imani pomwepo. Mwina mpeni wapindika pa chitsa, mwina waya kapena chingwe cha thumba chakulungika pa chitsulo chozungulitsa mpeni. Mwinanso wonola anadya mbali imodzi kwambiri. Kolekani mpeni pa msomali ndi bowo lake lapakati. Mbali yolemera imatsika, ndiye inoleni mpaka mpeni ukhale chopingasa. Mpeni wosweka kapena wopindika usawotcheredwe, ugulidwe wina. Mukanyalanyaza kunjenjemerako, maberingi amatha sabata imodzi.

Tsopano za kabawuti kamene kamavutitsa anthu. Pa shafiti pali bawuti yofewa imene inapangidwa dala kuti iduke mpeni ukagunda mwala. Ikaduka kawiri katatu, munthu amakwiya n'kuikapo bawuti yolimba ya galimoto. Tsiku lotsatira bawutiyo siiduka, koma chimasweka ndi giyabokosi, ndipo imeneyo simungaipeze pa Mwanza Boma, mpaka ku Blantyre, ulendo wa makilomita pafupifupi 100, mwinanso kuyitanitsa kunja. A msungichuma, gulani mabawuti ofewawo ambiri, azikhala m'bokosi la masipanala. Oyilo wa giyabokosi ndi wa nambala 90, osati wa injini. Girizi pa shafiti ndi pa timatayala m'mawa uliwonse wa ntchito.

Mbali yanu eni minda ndi iyi. Thirakitala isanabwere, yendani m'munda mutole miyala ndi mawaya, ndipo pa chitsa kapena chulu muzike ndodo yooneka. Musamukakamize dalaivala kuti afike mpaka patsinde. Khungwa la manachesi likasupuka m'munsi, mpamene amalowera matenda aja otulutsa utomoni, mtengo n'kumauma pang'onopang'ono. Siyani mita imodzi kuzungulira mtengo, mumalize ndi chitchetcho cha manja. Udzu wodulidwawo ndi wabwino kuphimbira nthaka, koma usakhudze tsinde.

Ana amakonda kuthamangira thirakitala, koma mwala wochoka pa mpeni umauluka ngati wa legeni. Athamangitseni apite kutali, pamodzi ndi mbuzi zomwe. Amayi, chitenje chisayandikire shafiti ikuzungulira, ndipo chivindikiro chake chapulasitiki chikasweka, makina asagwire ntchito mpaka chibwezeretsedwe. Pamalo otsetsereka kwambiri thirakitala isapite n'komwe, imagubuduka.

Kutchetcha komaliza kuchitike mvula ikamatha, mu April, tisanayambe kuthyola zipatso. Amene mukufuna thirakitala nthawi imeneyo lembetsani msanga kwa alembi, kuti dalaivala aziyenda mudzi ndi mudzi m'malo mongodumphadumpha.