Kuyeza Kutentha Tili Patali

Amayi ndi abambo a kuno ku Maniamba, lero tikambirane za kuyeza kutentha ndi kuzizira.

Tonse timaotha moto. Khala sitiligwira, koma nkhope imamva kutentha tili patali. Chinthu chilichonse chimatulutsa kutentha kotere: mwala, madzi, ngakhale matalala. Chotentha chimatulutsa kochuluka. Chozizira chimatulutsa kochepa. Maso athu saona kutenthaku, koma alipo makina amene amakuona.

Makinawo ali m'satelaiti, chombo chopanda munthu chimene chimazungulira dziko lapansi. China dzina lake ndi Landsat 8. Chinatumizidwa kumwamba mu 2013. Chimayenda makilomita 705 pamwamba pathu, ndipo chimabwerera pamalo omwewo pakapita masiku 16.

Kummwera kwenikweni kwa dziko lapansi kuli Antarctica. Kumeneko nthaka yakutidwa ndi madzi oundana, olimba ngati matalala. Munthu sangayende ponseponse ndi choyezera m'manja. Satelaiti ndiyo imayeza. Madzi amaundana pa digiri 0. Mu Ogasiti 2010, satelaiti inapeza malo ena kumeneko atazizira kufika madigiri 93 pansi pa 0.

Nanga ife zikutikhudza bwanji? Madzi oundana akafunda, amasungunuka ndi kuthira m'nyanja yamchere. Nyanjayo ikakwera, abale athu a ku Beira ndi ku Quelimane, amene mizinda yawo ili m'munsi, ali pangozi. Kuyeza kumatichenjeza msanga.

Nyanja yathu ya Niassa siundana, koma imayezedwa mwa njira yomweyi. Asodzi a ku Metangula amaudziwa mwera wa mu Juni ndi Julayi. Mwera umakankhira madzi ofunda apamwamba kumpoto. Ndiye kummwera kwa nyanja madzi ozizira apansi amakwera. Amakwera ndi chonde chimene chimameretsa chakudya cha tizilombo todyedwa ndi usipa. M'zaka za m'ma 1990, zithunzi za satelaiti zinaonetsa madzi ozizirawo.

Satelaiti ili ndi malire ake. Imayeza pamwamba pokha. Kukachita mitambo, siona pansi. Nchifukwa chake anthu amapitabe ndi bwato kukayeza madzi enieniwo.

Zoyezedwa zonsezi zimalembedwa m'manambala. Wodziwa manambala amadziwerengera yekha, sadikira kuuzidwa. Tiyeni tsono titenge mapensulo. Tilembe pamodzi: 0, 16, 93, 705.